Kadontho kosalembedwa

Bokosi la misomali la R12.50 linaoneka pa sikirini likugulitsidwa R1,250.00, ndipo kasitomala amene anali pa kauntala m'mawa umenewo anangoseka n'kufunsa ngati misomaliyo inali yagolide. Wogulitsayo sanaseke nawo. Anandiimbira foni ali wolusa, ine n'kumuyankha, osayamba ndaganiza n'komwe, kuti vuto lili ku makina akale aja a m'chipinda chapansi. Panapita masiku awiri ndisanavomereze kuti wolakwa ndinali ine, ndipo mpaka lero ndimadzifunsabe chimene chinandifulumizitsa kuloza chala kumene ndinalozako.

Munali mu 2005. Ndinkagwira ntchito yolemba mapulogalamu pa kampani ina yopikulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Johannesburg. Zonse za kampaniyo, kuyambira katundu wa m'nkhokwe, ngongole za makasitomala mpaka mitengo, zinkasungidwa pa makina amodzi akuda a IBM. Pachitseko chake panalembedwa iSeries, koma panalibe amene ankawatchula choncho. Aliyense ankati AS/400, dzina limene makina a mtundu umenewu anabadwa nalo mu June 1988 ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota ku America. Amawatcha makina apakati chifukwa sanafike pa zimphona za mainframe zimene mabanki akuluakulu amadalira, komabe amaposa kutalitali kompyuta ya pa desiki. Ogulitsa ankalankhula nawo kudzera pa sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira, ya mizere 24 ndi malo a zilembo 80 pa mzere uliwonse, yopanda chithunzi, yosafuna mausi. Mabwana anali atatopa nayo sikiriniyo. Ankafuna pulogalamu ya pa Windows, yooneka bwino, imene wogulitsa watsopano angaiphunzire tsiku limodzi. Koma anaika lamulo limodzi: kuwerengera mtengo kukhalebe pa AS/400, m'pulogalamu yolembedwa m'chilankhulo cha RPG imene inkachita ntchitoyo kuyambira kale. Yanga izingoiitana, kuipatsa zofunika, n'kulandira yankho. Ndinatumidwa kumanga khonde latsopano pa nyumba yakale, ndipo ndinayamba ntchitoyo ndi mtima wa mmisiri amene m'mimba mwake akuti nyumbayi ikanangogwetsedwa.

Pa pepala, kuitana pulogalamu ya pa makina ena n'kosavuta. Pulogalamu ya pa desiki imalumikizana ndi seva kudzera pa netiweki, imapereka dzina ndi mawu achinsinsi, ndipo ku seva kumakhala ntchito ina imene yangokhala chire kudikira alendo otere, yotchedwa QZRCSRVS. Iyo imalandira pempho, kuyendetsa pulogalamu imene yaitanidwa, n'kubweza zotsatira. IBM inkapereka zida zochitira zimenezi pamodzi ndi Client Access, ndipo ine ndinkazigwiritsa ntchito kuchokera mu Visual Basic 6. Chimene ndinayenera kupereka ndi dzina la pulogalamu, laibulale imene ikukhalamo, ndi zinthu zisanu zimene anthu a ntchitoyi amati maparamita: nambala ya kasitomala, nambala ya katundu, kuchuluka kwake, malo oti mtengo ubwereremo, ndi chilembo chimodzi chonena ngati zonse zayenda bwino.

Chimene sindinachimvetse poyamba n'chakuti pulogalamu ya RPG ija silandira dzina la kasitomala kapena nambala monga ine ndimaziganizira. Imangolozeredwa malo m'chikumbumtima cha makina, ndipo kuyambira pamalopo imawerenga mabaiti ochuluka monga inauzidwira tsiku limene inalembedwa. Sifunsa kuti mwatumiza angati. Ili ngati mayi wogulitsa chimanga amene ali ndi ndowa yake imene wakhala akuyezera chiyambire: inu mukabwera ndi thumba losakwana, iye atungabe ndowa yodzaza, ndipo zimene zidzazitse ndowayo ndi zilizonse zimene zinali pafupi. Mukatumiza zilembo zisanu ndi chimodzi pamene ikuyembekeza khumi, zinayi zotsalazo izitola pa zimene zagundizana nazo.

Ngakhale zilembozo sizimveka mofanana ku mbali ziwirizi. Kompyuta ya pa desiki imatsata ASCII, mmene chilembo A chili nambala 65. AS/400 imatsata EBCDIC, imene inafala ndi makina a System/360 a mu 1964 ndipo mizu yake ili pa makadi obowola, ndipo m'menemo A ndi 193. Mpata wa pakati pa mawu ndi 32 kuno, koma uko ndi 64, nambala imene kuno ndi chizindikiro cha @. Uko, posanja zinthu, zilembo zimatsogola manambala n'kubwera pambuyo. Kuno manambala ndiwo amatsogola. Ndalama nazo zili ndi kasungidwe kake kotchedwa packed decimal, kamene kamalonga manambala awiri m'baiti imodzi, n'kusiya theka la baiti yomaliza kuti linene ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Motero manambala 9 amakwana m'mabaiti 5. Ndinkakaona ngati kachitidwe kachikale kongovutitsa anthu, kufikira nditazindikira kuti njira imene makompyuta ambiri amasungira manambala a kadontho siingathe kusunga 0.1 ndendende, pamene packed decimal sitaya ngakhale senti imodzi. Anthu amene anakonza zimenezi ankaganizira za wowerengera ndalama amene sapita kunyumba mabuku asanagwirizane.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kwaphokoso. Ndinatumiza kuchuluka kwa katundu ngati nambala wamba ya pa Windows, pamene pulogalamu inkayembekeza packed decimal. Itawerenga n'kupeza zosamveka, inaima n'kutulutsa uthenga wa MCH1202, umene aliyense wa pa makina amenewa amaudziwa ngati dzina la mwana wake. Ntchito ija inakhala pa MSGW, kudikira munthu woti aiyankhe, pamene pulogalamu yanga inangouma pa sikirini osanena kanthu. Amene anandionetsa zimenezi ndi mayi wina wachikulire amene anali atalemba RPG pa kampaniyo kuyambira makinawo asanafike, nthawi ya makina akale a System/36. Analemba lamulo la WRKACTJOB, n'kutsegula job log, kaundula wa zochitika pa ntchito yanga, ndipo zonse zinali pamenepo: pulogalamu iti, mzere uti, nthawi yanji. Pofika madzulo ndinali nditakonza. Ndinapita kunyumba ndikudzitama kuti chilombo ndachigonjetsa.

Za misomali zija zinabwera patapita milungu itatu. Nditayang'ana m'pulogalamu yanga kwa masiku awiri osapeza cholakwika, ndinapita kwa mayi aja.

"Mayi, makina anuwa akubweza mtengo wolakwika."

"Akubweza manambala ati?"

"1,250."

"Sindikufunsa mtengo, mwananga. Ndikufunsa manambala."

Anatenga kapepala n'kulembapo 000125000. Kenako anandipatsa cholembera.

"Ika kadontho."

Ndinawerenga malo awiri kuchokera kumanja, monga munthu aliyense amachitira ndi ndalama, n'kuika. Iwo anatenganso cholemberacho, n'kuwerenga malo anayi, n'kuika kawo. Panatuluka 12.5000. Kampaniyo inkagulitsa tizinthu ting'onoting'ono monga mawashala ndi masikuluwu pa mitengo yosakwana senti, choncho kuyambira kale mtengo unkasungidwa ndi manambala anayi kuseri kwa kadontho. Ine ndinauza pulogalamu yanga kuti ndi awiri. Poyesa ndinkangoona kuti yankho labwera, osaliyerekeza ndi la pa sikirini yobiriwira, ndipo nthambi yoyamba kuigwiritsa ntchito ndi imene inakumana nazo. Mabaiti asanu anatumizidwa, mabaiti asanu analandiridwa, manambala onse 9 anafika bwinobwino. Panalibe uthenga wa vuto chifukwa, kumbali ya makina, panalibe vuto.

Kadontho kaja sikali m'makina. Sikasungidwa m'baiti iliyonse, sikayenda pa waya. Kali m'pangano la anthu awiri, wolemba pulogalamu yoitanidwa ndi wolemba pulogalamu yoitana, ndipo pa nkhani yathuyi mmodzi analemba mbali yake zaka 15 m'mbuyomo pamene winayo sanavutike n'kufunsa komwe. Safunsa anadya phula, koma phula langa linali lokoma kwa milungu itatu yathunthu, ndipo mpamene pagona nkhani. Inu owerenga mukudziwa kuti ifenso timalankhula chomwecho. Wogulitsa mumsika akati "thu faifi", wogula amadziwa ngati ndi K250 kapena K2,500 popanda kuuzidwa, chifukwa onse awiri akuona chimene chikugulitsidwa ndipo akudziwa mmene zinthu zikuyendera chaka chimenecho. Mlendo amene wangotsika basi amva mawu omwewo, momveka bwino, koma atulutsa ndalama yolakwika. Mbali yaikulu ya zimene timauzana simakhala m'mawu. Imakhala m'zimene tonse tikuganiza kuti mnzathu akudziwa kale.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kulemekeza cholakwa chaphokoso. MCH1202 inandichititsa manyazi masana amodzi, koma inandikana poyera, ndipo kukana koteroko n'chifundo. Choopsa ndi yankho looneka bwino limene lachokera pa kusamvana. Ife amene tinaleredwa kuti si ulemu kuuza wamkulu kuti sitinamve, timachidziwa bwino chinthu chimenechi: mwana wotumidwa amagwedeza mutu n'kuti "chabwino", kenako n'kubwera ndi mchere pamene anatumidwa sopo. Amene wanena kuti "bwerezaninso" wataya kamphindi, pamene wogwedeza mutu uja wataya ulendo wonse. Masiku ano ndikamalemba pulogalamu yolandira zinthu kuchokera kwina, ndimaiphunzitsa kukana msanga ndiponso mokweza, ngakhale ogwiritsa ntchito amadandaula kuti ndi yovuta.

Komabe funso limene limandivuta kwambiri si la kadontho. Ndi lakuti, n'chifukwa chiyani foni ija itangolira ndinati wolakwa ndi makina, pamene chinthu chatsopano chokha pa kampani yonseyo chinali pulogalamu yanga? Makinawo anali atawerengera mitengo molondola kwa zaka zambiri. Yanga inali ya milungu itatu. Nzeru wamba zikanandiuza poyambira kufufuza. Yankho lake ndi lochititsa manyazi: makinawo anali osaoneka bwino. Zilembo zobiriwira, mayina a zinthu osapitirira zilembo 10, chilankhulo cha RPG chimene chinayamba mu 1959 ndipo chinkafuna kuti chilichonse chilembedwe pa danga lake la mzere monga pa khadi lobowola, zonsezi zinandiuza kuti ndikulimbana ndi nkhalamba yoiwalaiwala. Ndinaona makwinya n'kuganiza kuti ndaona nzeru zake.

Pambuyo pake ndinamva mbiri imene inandikhazika pansi. Frank Soltis ndi akatswiri anzake a IBM ku Rochester, kuyambira pa makina a System/38, anaika chotchinga pakati pa mapulogalamu ndi zitsulo zenizeni za makina, kuti pulogalamu isamadziwe n'komwe mtundu wa purosesa imene ikuiyendetsa. Mu 1995, IBM itasintha mtima wa AS/400 kuchoka pa purosesa ya mabiti 48 kupita ku PowerPC ya mabiti 64, makampani anasamutsa mapulogalamu awo osawalembanso. Makinawo anawamasulira okha. Pulogalamu ya mitengo ija inawoloka mtsinje umenewo osanyowa. Dzina la makinawo lasinthidwa kangapo, kukhala iSeries mu 2000, kenako System i, ndipo kuyambira 2008 timamva za IBM i pa Power Systems, koma zimene zinalembedwa kale zikuyendabe. Chida changa chamakono chija, Visual Basic 6, Microsoft inasiya kuchithandiza mu 2008 momwemo.

Panali phunziro lina laling'ono limene ndingolitchula mwachidule. Pulogalamu ya pa AS/400 ikafuna fayilo, kawirikawiri imaifufuza motsata mndandanda wa malaibulale wotchedwa library list, n'kutenga yoyamba kupezeka ya dzina limenelo. Ogulitsa akalowa pa sikirini yobiriwira, kapulogalamu kena kankawakonzera mndandandawo iwo osadziwa. Pulogalamu yanga inkalowera khomo lina, kumene kapulogalamuko kulibe, ndipo tsiku lina inawerenga mitengo ya m'laibulale yoyeserera. Wolowera kuseri kwa nyumba sapeza madzi osamba m'manja amene aikidwa pakhomo.

Zitachitika zonsezi ndinapita kwa mabwana ndi maganizo amene ndinkawaona ngati anzeru: bwanji ndingolemba ndekha kuwerengera mtengo m'pulogalamu yanga, tisiyane nazo zoitanaitanazi? Mtengo ndi kuchulukitsa, kuchotsera, n'kuwonjezera msonkho. Ndi ntchito ya mlungu umodzi. Mayi aja sanatsutse. Anangondiitana kuti ndikhale pambali pawo, n'kutsegula pulogalamuyo mu SEU, chida cholembera cha pa makinawo. Mafayilo osungira mapulogalamu pa AS/400 ali ndi khalidwe lina lokoma: mzere uliwonse umasunga deti limene unasinthidwa komaliza, ndipo limaoneka kumanja kwake. Tinatsika pang'onopang'ono. Apa panali mizere ya 1991, chaka chimene South Africa inayamba msonkho wa VAT pa 10 peresenti. Apa ya 1993, pamene unakwera kufika pa 14. Apa mulu wa mizere ya 1999, pamene madeti onse anawonjezeredwa nambala imodzi kutsogolo yonena zaka 100, kotero kuti 14 March 2005 inkalembedwa 1050314. Pakati pa zimenezi panali tizigawo tambirimbiri timene sindikanatiganizira: kasitomala wogula mabokosi athunthu achotseredwe mwakuti, koma osati pa katundu amene ali kale pa mtengo wotsitsidwa, simenti isachotseredwe kupitirira malire akuti, masenti azunguliridwe pa mzere uliwonse, osati pa invoisi yonse. Pa chigawo chilichonse mayiwo ankakumbukira mkangano umene unachibala: kasitomala amene anaopseza kuchoka, wofufuza mabuku amene anapeza kusiyana kwa masenti atatu, bwana amene anamwalira kalekale.

Ndinkayesa kuti ndikuitana makina owerengera, pamene ndinkaitana milandu yonse imene kampaniyo inaweruzapo pa nkhani ya mitengo. Ndikanalemba yangayanga, ikanakhala yoyera ndi yosavuta kuwerenga, ndipo ikanayamba kulakwitsa kumene anzanga analakwitsa mu 1990, n'kumaphunzira chimodzichimodzi pa msana pa makasitomala. Choipa koposa, kampani ikanakhala ndi malo awiri onena mtengo, ndipo tsiku limene awiriwo akanasiyana, palibe akanadziwa woti amukhulupirire. Lamulo la mabwana lija, limene ndinkaliona ngati mantha a anthu okalamba, linali lolondola.

Sindikufuna kuti mumve ngati ndikunena kuti chakale chilichonse n'chopatulika. M'pulogalamu ija munalinso zinyalala: mizere ya makasitomala amene anatseka mabizinesi awo kale, mayina a zinthu ofupikitsidwa mpaka osamveka, ndi zigawo zimene ngakhale mayiwo ankaopa kuzikhudza. Ndiponso kusafunsa kwanga kunali theka chabe la mlandu. Theka linalo n'lakuti pangano la kadontho lija silinalembedwe pena paliponse pamene mlendo akanaliona. Linali m'kati mwa pulogalamu ndi m'mutu mwa munthu mmodzi amene anatsala ndi zaka zochepa kuti apume pa ntchito. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo n'zoona, koma dambo nalo limaphwa, ndipo mudzi umene sunakumbe chitsime umadzazindikira mochedwa. Iwo eni anavomera zimenezi mosavuta kuposa mmene ine ndinavomerera zanga.

Chimene tinachita ndi kuika nkhoswe pakati. Pa DB2, nkhokwe ya zinthu imene imabwera pamodzi ndi makinawo, munthu angathe kulembetsa pulogalamu ya RPG ngati stored procedure, n'kunena poyera dzina la paramita iliyonse, mtundu wake, kutalika kwake, ndi malo a kadontho. Zikatero pulogalamu ya pa desiki imaitana kudzera pa njira yotchedwa ODBC, ndipo kusintha EBCDIC kukhala ASCII kapena kumasula packed decimal kumachitika panjira, woitanayo osakhudzako. Anzathu olemba Java ali ndi njira yofanana nayo, ya IBM Toolbox for Java ndi mafayilo a PCML ofotokoza maparamita. Ubwino wa nkhoswe ndi woti mbali ziwiri sizifunika kudziwa miyambo yonse ya kwa anzawo. Zimangofunika kukhulupirira munthu mmodzi amene akudziwa zonse ziwiri. Koma nkhoswe nayo imanyamula zimene yauzidwa. Wolembetsa stored procedure akalemba awiri pamene pali anayi, cholakwa chomwe chija chibwereranso, tsopano chitavala jekete. N'chifukwa chake tinalembetsa tili awiri, iwo akuwerenga kuchokera mu RPG, ine ndikulemba, kenako n'kusinthana mipando. Tinatenganso mitengo 50 ya pa sikirini yobiriwira n'kuiyerekeza umodziumodzi ndi ya pa pulogalamu yanga, ntchito yotopetsa imene ndikanaichita poyamba pomwe, nkhani ya misomali yagolide sikanakhalako.

Pulogalamu yanga ya pa Windows inagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, kenako inalowedwa m'malo ndi ina ya pa intaneti, yolembedwa ndi anyamata amene ankaiona yangayo monga mmene ine ndinkaonera sikirini yobiriwira. Nthawi imeneyo mayi aja anali atapuma. Mmodzi wa anyamatawo anabwera pa desiki yanga kudzafunsa kuti pulogalamu ya mitengo imaitanidwa bwanji. Ndinatsegula dirowa n'kumupatsa kapepala kaja, kamene kanali katayamba kufiira m'mbali: manambala 9, timadontho tiwiri toikidwa ndi anthu awiri, kena katakhwatchidwa. Anakayang'ana kutsogolo ndi kuseri, n'kufunsa ngati ndilibe fayilo yake. Ndinamuuza kuti fayilo ilipo, koma ayambe wakoka mpando.